Khutu Lakumanja

9 Febuluwale

Wokondedwa amake ana,

Moni wambiri kwa inu, mwini chigayo. Kodi mukudzuka bwanji? Nanga wachisamba wathu, sukulu ikuyenda? Kamzime kaja chifuwa chinakasiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti fumbi ndi lomwe lija, ndipo msana umandikumbutsa m'mawa uliwonse kuti unyamata unapita.

Musadabwe kuti ndayamba kulemba makalata ngati ndikukufunsiraninso. Foni ya kuno yandikwana. Mukamalankhula mumamveka ngati muli pansi pa chitsime, ndiye ine ndimangoti "eya, eya" osadziwa chimene ndikuvomera. Tsiku lina ndidzavomera kuti mugulitse nyumba. A Ndevu, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, woyendetsa tipa uja, akuti iwo pa foni yomweyi amamva bwinobwino, koma a Ndevu amalankhula zambiri. Kalata ndi yabwino, mukandikalipira ndiziwerenga kawiri.

Ntchito ikuyenda. Tikung'amba phiri kuti msewu udutse. Tili ndi matipa khumi ndi awiri, makina okumba atatu, gireda yosalaza msewu, ndi buludoza imodzi yakalekale imene tonse timaitcha Nkhalamba. Makina atsopanowa ndi okongola, m'kati muli mphepo yozizira ngati m'banki, koma akadwala amangoyatsa kanyali kofiira n'kukhala chete mpaka wina abwere ndi kompyuta. Nkhalamba ilibe zimenezo. Ikamva kupweteka imanena ndi pakamwa, ndipo amene amaimva ndine.

Dzina langa lenileni kuno linaiwalika. Kuyambira kapitawo mpaka wophika, onse amangoti "a Khutu". Sabata yatha tipa ina inkafuka utsi wakuda bii. Anthu atatu anaizungulira ndi kompyuta yawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, osapeza kanthu. Ine ndinangokankhira zotsekera m'makutu m'khosi, n'kuyandikira, n'kuuza dalaivala kuti aponde pang'ono. Ndinamva kugogoda kumodzi kosagwirizana ndi kwina konse. Ndinati, "Nozo yachinayi," ndiko kachitsulo kopopera dizilo m'kati mwa injini. Atamasula, yomweyo. Kapitawo anangovula chisoti n'kukanda m'mutu. Sindikudzitama ayi. Chabwino, ndikudzitama pang'ono, nanga ndikadzitamire kwa ndani.

Tsopano za mutu wanu. Chokhacho ndiye ndinachimva pa foni, chakuti mukaweruka ku chigayo mutu umawawa ngati ukung'ambika. M'kaphukusi aka ndaikamo zotsekera m'makutu zanga, zija zonga mbale ziwiri zolumikizidwa ndi lamba wapamutu. Muzivala musanalize injini, muzivula mutaizimitsa. Kwa ine zimangokhala m'khosi ngati mkanda, chifukwa makaniko wotseka makutu sasiyana ndi wophika wosalawa mchere. Khutu lakumanzere likumalira ngati muli udzudzu, koma ndikuganiza kuti ndi phula chabe.

Oyilo wa chigayo asinthidwe mwezi uno usanathe, ngakhale mtengo wakwera. Ndipo chonde musagule dizilo wa m'zigubu, amamusakaniza ndi palafini.

Ndine mwamuna wanu wonunkha dizilo.

2 Malichi

Amake ana,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli ndi mphamvu. Inenso ndili bwino. Ndaiwerenga katatu, kachitatuko mokweza, mpaka a Ndevu anandiponyera nsapato ati ndikulalikira. Masiku ano akumadandaula kuti ndimalankhula ngati wina ali tsidya lino wina tsidya lina la mtsinje. Ndikuona ngati akukalamba.

Ndaseka kwambiri kumva kuti ogayitsa akukutchani payiloti, ati ndi zotsekerazo mukufanana ndi woyendetsa ndege. Alekeni aseke, bola mutu wasiya kuwawa. Ndikukuonani m'maganizo, ufa uli mbuu m'nsidze, mbale ziwiri m'makutu, mukuloza anthu ndi chala kuti aime pamzere. Ndinakwatira mkazi wokongola ine, ndipo ndakusowani zedi.

Za injini yomwe ikumalira pang'ono n'kuzima, musaitane makaniko wa pamsika uja. Adzakumasulirani zonse, pomanga n'kutsala ndi mabawuti m'thumba. Injiniyo yameza mpweya. Munalola thanki kuuma, sichoncho? Musakane. Dzazani thanki. Pamwamba pa sefa ya dizilo pali kabawuti kakang'ono, kamasuleni pang'ono ndi sipanala ija ndinaikulunga kansanza kofiira. Kenako popani ndi kampope ka m'mbali. Poyamba patuluka thovu, inu pitirizani mpaka dizilo atuluke yekhayekha, ndiyeno mangani. Musamange ngati mukulimbana ndi mdani, kabawutiko n'kofewa. Ikalira, isiyeni ifunde kaye musanaipatse katundu.

Zimenezi ndi zomwe ndimakangana nazo ndi madalaivala kuno. Munthu akaliza tipa m'mawa kukuzizira, oyilo asanakwere n'komwe, iye waponda kale mpaka pansi. Akaweruka, injini ili moto ndi zitunda za tsiku lonse, amangozimitsa n'kuthamangira chakudya. Injini ya dizilo ndi yoleza mtima kuposa ya petulo, imanyamula phiri osadandaula, koma siiwala. Amene amaizunza imadzamusiya pakati pa chitunda, miyala ili yodzaza. A Ndevu okha ndi amene amandimvera, nawonso chifukwa timagona chipinda chimodzi ndipo alibe kothawira.

Mwalemba kuti kamzime tsopano pakamwa sipatsekeka. Ndinakasiya kakungoti "ba, ba", lero mukuti kakufunsa chifukwa chake nkhuku zilibe mano? Zandikhudza zimenezi, mayi. Chaka ndi theka ndi nthawi yaitali. Muzindilembera mawu ake monga mmene kamanenera, osawakonza. Lamlungu lomaliza la mwezi uno ndidzakwera pamtunda pomwe foni imagwira bwino, ndidzaimba kuti ndimve ndekha. Kauzirenitu kuti kakonzeke.

Wachisamba muuzeni kuti nsapato ndaziona m'sitolo. Aponde papepala, ajambule phazi, munditumizire.

Wanu yemwe uja.

4 Epulo

Amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo, kungoti bondo lakumanja latupa. Ndinagwa kuntchito Lachinayi, nkhani yaing'ono, andipatsa masiku atatu opuma.

Za Lamlungu lija sindikumvetsa. Ndinakwera pamtunda, ndinaimba, inu ndinakumvani pang'ono mukuti "nayu". Kenako zii. Ndinadikira, n'kuti, "Halo, mpatsenitu foni mwanayo." Ndinanena katatu kapena kanayi. Kenako ndinamva inu mukulankhula mwaukali, foni n'kuduka. Ndaimbanso kawiri, simukuyankha. Kodi kanachita manyazi? Musakakalipire, ndi mwana, sikandidziwa bwino.

A Ndevu sakundilankhula masiku ano. Tinasemphana pang'ono pa za ntchito. Ndidzakufotokozerani.

Kodi injini inalira? Simunandiuze.

Ndiyankheni msanga, mtima suli m'malo.

26 Epulo

Mkazi wanga,

Moni. Ndathokoza kuti ana ali bwino. Bondo laphwa. Kalata yanu yafika, ndipo iyi sindinaiwerenge mokweza.

Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndi lomwe landiwawa. Kuno kulibe mkazi wina. Akanakhalapo bwenzi atathawa kale fungo la ovolosi yanga. Foni sindiithawa chifukwa cha munthu. Ndimaithawa chifukwa sindimva. Cholembera chakhala m'manja nthawi yaitali ndisanalembe mawu amenewa.

Mwati kamzime kanali pa foni nthawi yonse ija. Mwati kanandiimbira nyimbo imene kanaiphunzira sabata yathunthu, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kataima njo, ine ndikungoti mpatseni foni mwanayo. Mwati kanakubwezerani foni n'kunena kuti, "Ababa sakundifuna." Mayi, ine sindinamve kanthu, ngakhale kamawu kamodzi. Ndinkangomva udzudzu wanga uja. Nditawerenga ndinapita kuseri kwa Nkhalamba komwe kunalibe anthu, ndipo ndinalira.

Za bondo nazonso sindinanene zonse. Ndinali nditawerama pafupi ndi pomwe timakhuthula miyala, ndikuyang'ana payipi ya oyilo yomwe inkadontha pa makina okumba. Tipa ikamabwerera m'mbuyo imaliza kabelu kolasa m'makutu, kamamveka mpaka kukhitchini. A Ndevu ankabwerera ndi miyala yodzaza, kabelu kakulira monga mwa masiku onse, iwo ali ndi chikhulupiriro kuti aliyense wapatuka. Ine osatembenuka. Anaona chisoti changa pagalasi mochedwa, n'kuponda mabuleki. Tayala la tipayo, lalitali kuposa ine, linaima pomwe ndikanatha kuligwira ndi dzanja. Palibe chinandigunda, ndinagwa ndi mantha basi.

A Ndevu anatsika m'tipa. Anandigwira pakolala n'kunditukwana mawu oti sindingawalembe m'kalata yolowa m'nyumba mwanga. Ambiri sindinawamve, mwayi wake ndi womwewo. Kenako anandiyang'ana kumaso n'kulankhula pang'onopang'ono kuti ndizitsata milomo: "Ukufuna ine ndikauze mkazi wako kuti ndakupha? Upite kwa namwino, apo ayi ndikanena kwa kapitawo." Ndazengereza milungu itatu. Mawa ndikupita.

Ndinkaopa, mayi. Munthu wotchedwa a Khutu akapezeka kuti ndi gonthi, ntchito yake imakhalanso chiyani? Ndiye ndinkangonamizira foni.

Ndakondwa kuti injini inalira kamodzi n'kamodzi. Ndinkadziwa kuti muitha. Kamzime kauzeni kuti ababa amakafuna kuposa chilichonse, foni ndi imene inali yoipa. Ayi, musaname ngati ine. Kauzeni kuti makutu a ababa akudwala.

Ndikhululukireni.

17 Meyi

Amake ana,

Moni nonse. Ine thupi lili bwino, ndikudya, ndipo a Ndevu ayambanso kundibera sopo, kusonyeza kuti tagwirizana.

Kwa namwino wa kampani ndinapita. Ndi mayi wachikulire wosaseka. Anandilowetsa m'kachipinda konga kabati, anandiveka zomvera m'makutu, n'kundipatsa kabatani kuti ndizidina ndikamva kulira. Ndinakhala m'menemo ndikudikira kuti ayambe. Atatsegula chitseko ndinamufunsa ngati makina ake awonongeka kuti ndimuonere. Anati, "Bambo, khutu lakumanzere tamaliza kale."

Phula mulibe. Lakumanzere linapita ndipo silibwerera, ngakhale nditapita kuchipatala chachikulu. Lakumanja latsala theka. Anandijambulira papepala kuti ndimvetse. Mawu aakulu, olemera ngati a injini, ndi amene amatsalira. Oyamba kuthawa ndi ang'onoang'ono, a mbalame, a kabelu ka tipa, a ana. Ndiye taonani, zaka makumi awiri ndakhala ndikusomeka khutu pa injini, injinizo zadya zonse n'kungodzisiyira malo awo. Ndinamufunsa ngati theka limeneli lingasungike. Anati lingasungike ndikamatseka makutu nthawi zonse pamene makina akulira, osavula ngakhale mphindi imodzi. Ndikapitiriza zanga zija, chaka chimodzi kapena ziwiri, basi. Anafunsa komwe kuli zotsekera zanga. Ndinati zinapita kukagwira ntchito ku chigayo. Sanaseke.

Kapitawo ndinamuuza ndekha. Anandiletsa kufika komwe matipa amabwerera m'mbuyo, zimenezo zili bwino. Koma kenako anandikokera pambali. Akuti msewu ukatha mu Julayi kampani ikupita kukamanga damu, ntchito ya zaka zitatu, ndipo akufuna ine ndipite ndi Nkhalamba, malipiro atakwera. Anati, "Khutu lako limodzi limaposa makompyuta athu onse. Uzingovula pang'ono pofunika, ndani aone?" Sananene mwankhanza. Munthuyu amandikonda, ndipo mawu akewo anandikomera, ndisaname.

Zaka zitatu za damu zikhoza kumalizitsa nyumba ndi kumufikitsa wachisamba patali ndi sukulu. Mukudziwa nokha. Kusitolo ya kampani andipatsa zotsekera zatsopano. Dzulo ndinazivala mpaka masana, ndinkayenda pakati pa makina ngati mlendo, onse akugwira ntchito osandiuza kanthu. Gireda itayamba kutsokomola ndinangopezeka kuti ndavula kale, dzanja linachita lokha.

Kapitawo sindinamuyankhe. Inu mukuti bwanji? Musandinyengerere.

Wanu wa mutu wouma.

14 Juni

Payiloti wanga,

Moni kwa inu ndi ana. Ndili bwino. Phukusi lafika.

Ine ndinapempha yankho, inu mwandibwezera zotsekera zanga zakale ndi kapepala ka mizere iwiri: "Nyumba tidzamaliza ndi chigayo. Valani izi, mwana akuphunzira nyimbo ina." Mayi, ndinu ovuta. Zafika zili mbuu ndi ufa m'mphepete monse, ndipo pa mbale yakumanja pali chithunzi cha kamzime chimene a Ndevu akuti kanajambula mbuzi, ine ndikuti kanajambula ine. Sindinazipukute. Zatsopano zija ndakuikirani m'phukusi lino, musagaye ngakhale tsiku limodzi makutu ali poyera.

Lachiwiri Nkhalamba inadwala. Inkakankha miyala m'mbali mwa phiri, woyendetsa anaima n'kunena kuti ikugogoda. Anandiitanitsa. Nditafika ndinapeza anthu aunjikana monga amachitira, ena atasiya ntchito kuti adzaone a Khutu akuchita zawo. Kapitawo anakodola woyendetsa kuti aponde, kenako anandiyang'ana n'kuloza khutu lake.

Dzanja linakwera lokha. Linafika pa mbale yakumanja, zala n'kukhudza ufa uja wa m'mphepete. Kenako ndinalitsitsa n'kuliika pa injini. Kugogoda ndinakumva m'chikhato, kunalipo ndithu, koma kuti ndinene kuti ndi apa kapena apo, ayi. Ndikanavula ndikanadziwa nthawi yomweyo. Mawu a Nkhalamba ndimawadziwa, a mwana wanga sindiwadziwa, ndipo zimenezo zinandichititsa manyazi pamenepo.

Ndinati, "Sindikudziwa. Zimitsani, timasule."

Mawu amenewa sindinawanenepo chiyambire ntchito. Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Tinamasula masiku awiri athunthu, ntchito ya kuphiri itaima, mpaka tinapeza kandodo kachitsulo kokankha mavavu, tizitseko ta mpweya m'injini, katapindika, kanthu koti kale ndikanakatchula ndili chilili. Kapitawo sanakalipe. Anangoti, "Ndiye za damu tiiwale?" Ndinati tiiwale. Anagwedeza mutu n'kumapita, ndipo kuyambira tsiku limenelo akumandiitana ndi dzina langa lenileni. Likumamveka ngati la munthu wina.

Zandiwawa, sindibisa. Chakudya tsiku limenelo sichinalowe. A Ndevu anadya mbale yanga, ati isawonongeke, kenako analemba pa chikatoni ndi zilembo zikuluzikulu kuti NDIWE CHITSIRU KOMA WACHITA BWINO, n'kuchikhomera pamwamba pa bedi langa. Chikadali pompo.

Ndine wanu, payiloti wachiwiri.

12 Julayi

Amake ana,

Moni womaliza wa papepala. Ndikhulupirira muli bwino, ine ndili bwino ndithu.

Msewu watha. Dzulo tinakweza Nkhalamba pa chilole chachitali chopita ku damu. Ndinaithira girizi ndekha malo onse, ndipo ndinamangirira kapepala pampando kouza amene azikaisamala kuti aziyamba waifunditsa, komanso kuti imadana ndi dizilo wamadzi. Ndinaisisita pang'ono pamene anthu sankaona. Musachite nsanje, ndi nkhalamba.

Ndinyamuka Lachisanu, ndifika Loweruka masana. Nsapato za wachisamba zili m'chikwama, pamodzi ndi sefa ziwiri za dizilo ndi bokosi langa la masipanala. Kumeneko mathirakitala ndi zigayo zodwala sizisowa, ndizidzakonza ndi maso ndi manja ngati amakaniko ena onse. Pa chigayo chathu bwana ndinu, ine ndidzakhala wonyamula matumba, tonse awiri mbale m'makutu. Ogayitsa adzaseka mpaka atope.

Pali zina zoti muzolowere. Mukamandilankhula muzindiyang'ana, osati kuitana muli kuchipinda china kenako n'kumati ndikunyozera. Pabedi tisinthana mbali, muzigona kumanja kwanga. Ndipo mukafuna kundinena, muziima kumanzere, sitidzayambana.

Chopempha changa ndi chimodzi. Loweruka chigayo chisalire, ogayitsa abwere Lolemba. Potsikira basi musamuuze mwana kuti aimbe, pamakhala phokoso ndipo ndingamukhumudwitsenso. Tikafika kunyumba titseke chitseko, wailesi izime. Ndidzakhala pampando uja wa pawindo, inu mumukweze pa bondo lakumanja, lija linatupa, lapola tsopano, pakamwa pake pakhale pafupi ndi khutu. Ayambe ndi nyimbo ija ndinaiphonya, yatsopanoyo ibwere pambuyo.

Namwino akuti mwina sindidzamva mawu onse. Ndiye muuzeni mwana asafulumire, ndipo akamaliza ayambirenso. Theka limene latsalali ndi lake, ndamusungira.

Mwamuna wanu, amene ali m'njira.